Mmene Nyumba Yanga Inatsalira M'dzenje

Alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga, ndi kontirakitala. Samanga nyumba kuyambira pansi ayi. Iwo ndi aja amaitanidwa nyumba ikamalizidwa kapena ikakalamba: kuika mapaipi ndi mawaya a magetsi, kukonza zimbudzi zamadzi, kugumula khoma apa n'kumanga apo. Ntchito zawo zambiri zimakhala m'maofesi a m'tauni ndi m'nyumba zogona ana asukulu ku Luwinga. Ndi munthu wabwino, ndineneretu, kuopa kuti wina akamva zimene ndifotokozezi angati ndimadana nawo. Sindidana nawo. Ndimangopsa mtima ndikawaganizira.

Ine kwathu n'ku Dedza. Ku Mzuzu kuno ndinabwera ndi ukwati, ndipo amuna anga atamwalira ndinatsala m'nyumba imene anandisiyira ku Salisbury Lines. Anamanga okha nyumbayo, Loweruka ndi Loweruka, akaweruka kuntchito. Njerwa zinali zootcha, koma anamangira dothi, simenti n'kungopaka kunja. Sinali nyumba yoti munthu aime n'kuiyang'ana. Koma inali yanga, ndipo china chilichonse chimene amuna anga anandisiyira chinatha kalekale, kupatula iyoyo.

Aliyense amadziwa kuti Salisbury Lines ndi dambo. Ukakumba ndi khasu kufika m'mawondo wapeza madzi. Komabe tinkakhala. Mvula ikagwa madzi ankatsika kuchokera kumtunda, n'kudutsa pakhomo la uyu, kuseri kwa uyo, m'nthochi ndi m'masimbi, amene kwathu timati koko, mpaka kukagwera kumtsinje. Aliyense ankalandirako matope ake. Pakhomo panga madzi ankaima m'mawa umodzi, pofika masana atapita.

Ndiye alamu anatembenuka mtima. Ndikutero chifukwa zinali ngati za kutchalitchi ndithu. Amati tsiku lina anatsatira lole yawo kuti akaone kumene anyamata awo ankataya zogumula, n'kupeza kuti akukhuthulira m'mbali mwa kamtsinje kena kunja kwa tauni, kamtsinjeko katatsekeka theka. Kuyambira pamenepo munthu uja anasinthiratu. Njerwa zootcha anasiya kugula, ati njerwa iliyonse yadya mtengo. Pabwalo lawo ku Katawa anayamba kusanja zinthu: mapaipi akale uku, mawaya uku, mipopi ndi zitseko uko. Oyilo wakale sankatayidwanso pansi. Akamaliza ntchito pamalo ankasiya atadzala mitengo, kaya mwini malo wapempha kaya ayi. Ife pachibale tinkawanena kuti abusa a mitengo, iwo n'kumangoseka. Ndipo kunena zoona, zambiri mwa izo zinali zanzeru. Chitseko changa cha kukhitchini chinachokera pa mulu womwewo.

Chimene chinawasowetsa mtendere ndi zogumula zenizeni: maduka a njerwa, zibuma za simenti, matailosi osweka. Izi palibe ankazifuna, ndipo kutaya anali atalumbira kuti satayanso. Mulu unkangokula. Kenako maganizo anawabwerera, ndipo anayamba ndi ine.

Inali nthawi yozizira ija, m'mawa nkhungu isanachoke. Ndinangomva lole ikubwerera chafutambuyo m'kanjira kathu, anthu akutuluka m'nyumba kudzaonerera. Alamu anatsika akumwetulira mpaka m'makutu, akupereka monire uku ndi uku. Anandifotokozera kuti apeza njira yoti mavuto awiri athe pamodzi. Iwo asowa kotaya, ife tikumira m'matope. Athire zogumulazo pabwalo panga, asalaze, pakwere, madzi asadzaimenso.

Ndinayang'ana pa lole paja. Pamwamba penipeni panali mtondo wa chimbudzi wosweka pakati, woyera mbee, ukundiyang'ana.

“Alamu,” ndinatero, “mwandiona ngati mtaya ine?”

Anaseka, nati zimenezo azichotsa. Ndinawauza kuti kuseri kuli masimbi anga, nzimbe ndi nthochi zimene amuna anga anadzala, ndipo sindikwirira munda ndi zimbudzi za anthu osawadziwa. Mpaka lero ndikaganiza ndimaona kuti ndinayankha ngati munthu wamutu wake. Iwo sanakwiye. Anangoti chabwino mulamu, n'kutembenuka. Koma lole yodzaza sibwerera yodzaza. Neba wanga wa kumtunda, bambo wina wa ku Rumphi wokonza njinga zamoto, anali ataima pompo manja ali kumbuyo. Anayandikira mwaulemu, n'kufunsa ngati katunduyo angatsikire kwa iye. Anatsikira kwa iye.

Kuyambira tsiku limenelo malole sanaleke. Nyengo yonse yadzuwa ankabwera, fumbi lili kobo, ndipo azimayi ankawathamangira akukuwa kuti kuno dada, kuno. Alamu anatchuka. Kutchalitchi mpaka anawatchula pa zolengeza, kuti pali anthu ena amene Mulungu wawapatsa mtima woganizira anzawo ndi dziko lomwe. Ine ndinakhala pabenchi phee, ndikunyadira pang'ono, chifukwa ndi m'bale wanga.

Sindinazindikire tsiku limodzi ayi. Zinkabwera pang'onopang'ono. Mayi wina wogulitsa tomato, wa nyumba ya kudzanja langa lamanja, tinkakonda kucheza titaima aliyense kwake, mpanda wa maluwa uli pakati. Tsiku lina ndikulankhula naye ndinaona kuti khosi likundiwawa. Ndinali ndikuyang'ana m'mwamba. Mayi amene ndinkalingana naye msinkhu tsopano ndinkamuona mawondo pamwamba pa mpanda. Nkhuku zake zikamabwera kwanga zinkachita kulumphira pansi. Madzi amene ankatsukira mbale, akangowakhuthula, ankayenda okha n'kudzaima pakhonde panga.

Ndipo anthu akapeza malo ouma sangowasiya. Bambo wa njinga uja anamanga chipinda cha lendi pamene kale panali matope. Mayi wa tomato anamanga bafa ndi khitchini. Ena kumunsi kwanga, kumene madzi ankatulukira popita kumtsinje, anathira kwambiri kuposa onse, n'kumangapo mdadada wa zipinda kuchokera kumpanda kukafika kumpanda wina. Kangalande kakale kanali kuseri kwa nthochi zanga kanakwiririka osatsanzika. Palibe anachita zimenezi mwankhanza. Aliyense ankangokonza pakhomo pake.

Nyumba zimene zinatsala pansi zinali ziwiri: yanga, ndi ina kuseri kwa nthochi. M'menemo munkakhala banja la Chisilamu la ku Mangochi. Bamboyo ankagulitsa m'sitolo m'tauni, mkazi wake ankakhala pakhomo kudwazika apongozi ake, mayi wokalamba amene miyendo inafa, ankangogona pamphasa pabalaza. Iwo sanakane zogumula ngati ine. Kungoti kanjira ka kwawo kanali kopapatiza, lole sikanatha kufikako.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, ya mabingu. Ndinaima pakhomo kuonerera madzi akutsika mbali zonse, ofiira, akunyamula mapepala ndi makala a anthu. Anadzaza bwalo langa. Ndinati apita, monga mwa masiku onse. Kunacha, ali pompo. Kunachanso, ali pompo. Achule anasamukira kwanga onse a m'dera lathu, ndipo udzudzu unkachita kuwirira. Masimbi amakonda madzi, koma nawonso anayamba kufiira masamba.

Kenako ndinaona mzere pakhoma. Unali m'kati mwa chipinda changa, pansi penipeni, wakuda, ngati khoma latuluka thukuta. Mvula ikagwa unkakwera. Dzuwa likawala sunkatsika, unkangodikira pomwepo. Nsapato za pansi pa bedi zinachita nkhungu. Chimbudzi chinadzaza madzi mpaka kukamwa, fungo lake ndisanene. Tsiku lina ndinagogoda khoma la kuseri ndi chala, n'kumva likulira ngati mulibe kanthu m'kati. Ndinakanda ndi chikhadabo pamene simenti inasweka, dothi la pakati pa njerwa linatuluka lofewa ngati phala. Apo ndiye ndinachita mantha enieni. Ndipo iyo inali mvula ya Disembala chabe. Wokhala ku Mzuzu amadziwa kuti mvula yoopsa si ya mabingu ija ayi. Yoopsa ndi ya kumapeto, ya mwezi wa Epulo, yowaza pang'onopang'ono osaleka, nthaka itakhuta kale.

Alamu anabwera ndisanawaitane. Wina ayenera kuti anawauza. Anatsika potsetsereka pa bambo wa njinga atavala majombo, n'kuima pakati pa bwalo langa madzi akuwalekeza m'akakolo. Sanapereke ngakhale moni. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi kumene kunali zipinda zatsopano zija, anazungulira nyumba, anagwira khoma ndi chikhato n'kukhala choncho kanthawi. Ndinawakonzera tiyi, sanamwe.

Sabata yomweyo malole anasiya kubwera ku Salisbury Lines. Alamu anayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha kuti awalole kufukula pang'ono, atsegule njira ya madzi. Anthu ankawalandira bwino kwambiri, mpando n'kuwapatsa. Yewo chomene dada, munatithandiza, koma apa pali chipinda, muli munthu wa lendi. Yewo dada, koma mukakumba apa madzi abwerera kwa ine. Yambani ndi uyo, akalola nanenso ndilola. Anabwera ndi anyamata awo, anakumba ngalande yokongola kuchokera pakhomo panga, yoongoka bwino, n'kukafika pakhoma la zipinda za kumunsi zija. Pamenepo inathera. Madzi ankayenda m'ngalandemo, n'kukagunda khoma, n'kubwerera.

Pofika mwezi wa Malichi mzere uja unali utafika m'mawondo. Ming'alu inayamba pakona ya kuchipinda, yopyapyala ngati ulusi, kenako yoti n'kulowetsamo chala. Ndinkagona ndikumvetsera khoma. Mayi wa ku Mangochi uja tinkaonana m'mawa uliwonse, aliyense ndi chidebe chake, kukapa madzi pakhomo n'kuwataya m'dziwe lomwelo limene linali pakati pathu. Tinkaseka nthawi zina, poti nanga tikanatani. Apongozi ake anali atawakweza pa chitseko chosanjika pa njerwa.

Ndinaganiza ndekha kuti kunyada kwandikwana. Chimbudzi chosweka ndi chimbudzi chosweka, koma nyumba ndi nyumba. Ndinavala nsapato za pulasitiki, ndinakwera kabaza, ulendo wa ku Katawa.

Nditalowa pageti pa alamu ndinaima kaye. Mulu wa zogumula unali utapitirira denga la ofesi yawo. Chisiyireni kupereka kwa anthu, analibe kopita nazo, ndipo kutaya sankataya. Zinali pomwepo zonse, zonyowa, udzu utayamba kumera pamwamba. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati apa pokha ndapulumuka, izi n'zokwana kukweza bwalo langa mpaka pawindo.

Ndinawapeza akusanja mipopi yakale. Ndinakhala pa ndowa yovundikira, n'kunena mosazungulira kuti ndabwera kudzapempha zija ndinakana. Athire kuzungulira nyumba, makamaka kuseri, madzi achoke pakhoma. Masimbi akwiririke, nthochi zipite, zilibe kanthu.

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kutembenuza mpopi m'manja.

“Mulamu, sindingathe.”

Ndinaganiza kuti akunena za lole, mwina yawonongeka, mwina njira yaterera. Ndinati tidzatuta ndi mawilibala kuchokera kumsewu, anthu ndiwapeza.

“Si za lole,” anatero. “Ndikathira kwa inu, madzi onse aja apita kuti? Atsala ndi khomo limodzi. Muja muli munthu wosayenda.”

Zimene ananenazo ndinkazidziwa. Ndinaziganizira njira yonse pa kabaza paja, n'kuziika pambali. Koma kuzimva zikutuluka pakamwa pawo, pakamwa pomwe paja pankamwetulira pa lole, ndinapsa mtima. Ndinawafunsa kuti pamene ankathira kwa bambo wa njinga, madzi ankati apita kuti? Pamene ankathira kwa mayi wa tomato, kwa a zipinda za kumunsi, kwa dera lonse, anafunsapo ndani kuti madzi apita kuti? Onse aja analandira, alendo, anthu oti sakuwadziwa ndi dzina lomwe. Lero chifundo cha anthu ena chawagwira pofika pa ine, mkazi wa mkulu wawo? Ndinawauza kuti nyumba imene akuisiya kuti igwe anamanga ndi m'bale wawo wa bere limodzi, ndi manja ake, iwo ali mwana wasukulu akudya pakhomo pomwepo.

Anamva zonse osadula. Maso anali atafiira. Anati ndanena zoona, analakwa, ndipo n'chifukwa chake sangabwerezenso. Anati akupitabe kwa a zipinda za kumunsi, mwina alola kuti aboole pansi aikepo paipi yaikulu. Anati pakadali pano ndisamuke, kwawo kuli chipinda, akazi awo akonza kale.

“Sindinabwere kudzapempha chipinda,” ndinatero. “Chipinda ndili nacho.”

Ndinatuluka osatsanzika. Ananditsatira mpaka pageti akuitana kuti mulamu, mulamu, ine osacheuka. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, ndikulankhula ndekha ngati wamisala, anthu akundipatukira. Nditafika ndinapeza mayi wa ku Mangochi uja akukapa madzi. Anandiweramira mwaulemu, n'kufunsa ngati ndayenda bwino. Sankadziwa kumene ndinapita, kapena chimene ndinakapempha. Ndinamuyankha kuti ndayenda bwino, koma kumuyang'ana m'maso kunandikanika.

A zipinda za kumunsi sanalole. Mwini wake ankakhala ku Lilongwe, ndipo woyang'anira ankangoti adikire abwana. Epulo anafika. Kumwamba kunatseka, mapiri osaoneka, mvula yowaza ija inayamba. Sinkachita phokoso. Inkangogwa, m'mawa, masana, tsiku ndi tsiku, zovala osauma, makala osayaka. Alamu ankatumiza uthenga m'mawa uliwonse kuti lole ili pomwepo, ndingonena ibwere idzanyamule katundu. Sindinkayankha. Ndinasamutsa matiresi kupita pabalaza, chifukwa m'chipinda dothi linali litayamba kuyoyoka lokha, kumangomva waa, waa, kuseri kwa kabati. Bedi linali lolemera, la matabwa a mlombwa, lija amuna anga anakhomera m'chipinda momwemo. Pachitseko silikanatuluka popanda kulimasula. Ndinati ndidzalimasula kukacha bwino.

Linali Lachiwiri, cha m'mawa ndithu, kutayera. Ndinali pakhonde ndikulimbana ndi mbaula. Sikunamveke chiphokoso chachikulu monga ndinkaganizira. Ndinangomva ngati munthu wakhuthula thumba la chimanga, kenako malata analira, kenako mphepo yozizira inandiwomba kumsana kuchokera m'nyumba. Nditasuzumira, ndinaona nthochi zanga ndili pabalaza. Khoma lonse la kuseri linali litagona m'chipinda, denga litapendekera pamwamba pake.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangoima ndi chikombe m'manja. Anthu anabwera, ndisaname, anabwera ambiri ndipo anathandiza. Bambo wa njinga ndi amene analowa kukatulutsa masutikesi, denga likulira pamutu pake. Mayi wa ku Mangochi anandigwira dzanja osalisiya. Alamu anafika ndi lole yopanda kanthu, anatsika, anaima patsogolo panga. Anapita kukanyamula mipando.

Katundu ali m'kati mokwezedwa, mvula ikuwazabe, ndinamva kulira kwa wilibala kumtunda kwanga. Anali mayi wa tomato uja. Anaisiya pampanda, anatsika mosamala kuopa kuterereka, n'kudzagwada pambali panga pamatope pomwepo. Anapepesa nthawi yaitali, misozi ili m'maso, ndipo ndikhulupirira kuti inali yeniyeni. Anati kwa iyenso madzi ayamba kufika pakhomo la khitchini, poti dziwe langali lakwera. Anayang'ana pansi, n'kufunsa motsitsa mawu.

“Mama, njerwa zagwazi muzigwiritsa ntchito?”

Alamu anali pafupi, atanyamula mpando. Anaima osautsitsa. Ine ndinayang'ana mulu uja, njerwa za amuna anga zili mbwee m'matope, mwendo umodzi wa mlombwa ukuonekera pansi pake.

Ndinamuuza kuti adikire kaye tifukule bedi.